Matayala awiri kutsogolo: kodi njinga yotere singagubuduzike pakona?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Tafara, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe: "Ndine wowotcherera. Ndili ndi njinga yamoto ya 150cc imene inaphwanyika kutsogolo, koma injini ndi kumbuyo konse zili bwinobwino. Ndikufuna ndidule kutsogoloko, ndiikepo matayala awiri ndi bokosi pakati pake, kuti m'mawa ndizikatenga tomato ndi kabichi ku Mbare Musika, masana ndizinyamula zigubu za madzi kuchokera ku mjigo. Mnzanga wina akuti ya matayala awiri kutsogolo singagwe ngakhale utakhota chotani. Wina akuti ndikudzikonzera maliro. Zoona ndi ziti, ndipo miyeso yake ikhale yotani?"

Bambo, pa anzanu awiriwo amene angakupweteketseni ndi uyo akuti singagwe. Imagwa ndithu. Ndipo malinga ndi mmene mwaifotokozera yanuyo, nthawi yoopsa kwambiri izikhala m'mamawa popita ku Mbare, bokosi lili lopanda kanthu, Mutare Road ili see, inu mukuthamangira tomato wabwino asanathe. Ambiri amaopa ulendo wobwerera atasenza katundu, koma pa njinga ya mtundu umenewu katundu woikidwa bwino ndiye amaigwira kuti isanyamuke.

Mphika umakhazikika pamafuwa atatu pokhapokha kulemera kwake kukhale mkati mwa mafuwawo. Mukaukankhira pampata wa mafuwa awiri, ndiwo zonse zimathera paphulusa. Tengani choko mujambule pa simenti madontho atatu pamene matayala anu azigunda pansi, awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo, ndipo muwalumikize ndi mizere. Mupeza makona atatu, otambalala kutsogolo, opanikizika mpaka kutheratu kumbuyo. Galimoto ya matayala anayi m'lifupi mwake ndi chimodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo, choncho munthu akhale kutsogolo kapena kumbuyo sizisintha kwenikweni. Yanuyi ayi. Ikamagwa, imagwera pa mzere wochokera pa tayala lakutsogolo lakunja kwa kona kukafika pa tayala lakumbuyo, ndipo mzere umenewo umanka nuyandikira pakati mukamabwerera kumbuyo. Wokhala pamwamba penipeni pa tayala lakumbuyo alibe chomutchinjiriza m'mbali ngakhale sentimita imodzi.

Pa chinthu chilichonse pali malo amodzi pamene kulemera kwake konse kumakumana, moti mutachikoleka ndi chingwe pamenepo chingalendewere osapendama. Malo amenewo ndiziwatchula kuti phata la kulemera, ndipo powawerengera muziphatikiza felemu, injini, petulo, katundu ndi inuyo woyendetsa. Kugwa kapena kusagwa kwa njinga yanu kwagona pa zinthu zitatu: kutalikirana kwa matayala awiri akutsogolo, kukwera kwa phatalo kuchokera pansi, ndi gawo la kulemera konse limene latsamira pa matayala awiriwo. Masamu ake si ovuta. Tengani theka la mpata wa pakati pa matayala akutsogolo, mugawe ndi kukwera kwa phata, zimene mwapezazo muchulukitse ndi gawo la kulemera limene lili kutsogolo. Yotulukayo ndiyo nambala ya njinga yanu.

Tiyeni tiyese ndi miyeso yongoyerekeza koma yoyandikira zimene mungapange. Matayala akutsogolo atalikirane masentimita 120, theka lake 60. Kuchokera pa ekiselo yakutsogolo kukafika pa yakumbuyo pakhale masentimita 200. Bokosi lili lopanda kanthu, inu mwakhala pachishalo, zonse pamodzi makilogalamu 250. Popeza injini, thanki ndi inuyo muli chakumbuyo, kutsogolo kwangotsamira makilogalamu 100, ndiye kuti gawo lake ndi 0.4. Chishalo cha njinga yamoto chimakhala pamwamba, choncho phata tiliike pa masentimita 60. Ndiye 60 kugawa ndi 60 ndi 1, kuchulukitsa ndi 0.4, nambala yathu ndi 0.40.

Tsopano ikani katundu wa makilogalamu 150 pansi m'bokosi, pakati pa matayala. Zonse zafika 400, kutsogolo kwatsamira 240, gawo lakwera kufika 0.6, ndipo phata latsika kufika masentimita 54 chifukwa katunduyo ali m'munsi. Nambala yafika 0.67. Katundu yemweyo mukamusanjikiza makireti pamwamba pa makireti mpaka pakati pake pafike masentimita 90, phata lonse likwera kufika 71 ndipo nambala ibwerera pa 0.51. Koma choipitsitsa ndi ichi: bokosi lopanda kanthu, mwabereka mnzanu wa makilogalamu 70 kumbuyo kwanu. Iyeyo wakhala pamwamba pa tayala lakumbuyo, gawo lakutsogolo lagwa kufika 0.31, phata lakwera kufika 68, nambala yatsala 0.27. Njinga ndi yomweyo, matayala ndi omwewo, koma kuchoka pa 0.67 kufika pa 0.27 kwachitika chifukwa cha malo amene mwaika zinthu basi.

Kona nayo ili ndi nambala yake, ndipo akatswiri okonza misewu amaipeza motere: liwiro la makilomita pa ola mulichulukitse ndi lokha, kenako mugawe ndi 127 komanso ndi mamita ochokera pakati pa konayo kukafika pamene mukudutsa. Pa raundabauti yaing'ono imene mukuzungulira pa mamita 15 kuchokera pakati, liwiro la 30 likupereka 900 kugawa ndi 1905, yomwe ndi 0.47. Nambala ya kona ikaposa ya njinga, tayala lamkati limanyamuka. Choncho pa raundabauti imeneyo njinga yanu yopanda katundu inyamula tayala pa makilomita 28 pa ola, yosenza bwino ipirira mpaka 36, ya makireti osanjikiza 31, ndipo yobereka mnzanu 23 yokha. Liwiro la 23 munthu wa njinga yakapalasa amafika osachita thukuta. Onaninso kuti liwiro limalowa kawiri m'masamuwa, ndiye mukachoka pa 20 kupita pa 40 mphamvu yokukankhirani kunja siwirikiza kawiri koma kanayi. Ndipo zimene ndawerengerazi ndi za pamsewu wosalala, wopanda bampu, ndi masipuling'i osafewa. Pamsewu weniweni ziziyamba msanga kuposa apa.

Tayala labwino pa tala wouma limagwira mpaka cha pa 0.7 kapena 0.8 lisanayambe kuterereka. Magalimoto ang'onoang'ono ambiri nambala yawo imaposa 1.2, n'chifukwa chake dalaivala akalowa pakona mothamanga matayala amayamba alira ndi kuterereka, iye n'kupeza mpata wokonza zinthu. Njinga ya nambala ya 0.40 silira, sichenjeza. Matayala akadali ogwira bwinobwino, imangonyamuka. Cholinga chanu pomanga chikhale kukweza nambalayo kuti iyandikire 0.7 ngakhale bokosi lili lopanda kanthu. Kunena zoona, ndi chishalo cha njinga yamoto chosasinthidwa simufikapo, ndiye mudziwiretu kuti mukumanga chonyamulira katundu choyenda pang'onopang'ono.

Nanga mnzanu uja akuti matayala awiri kutsogolo ndi abwino, akunama? Osati kwenikweni. Ubwino wake umaonekera pogwira mabuleki. Munthu akazindikira kuti walowa pakona mothamanga, phazi ndi dzanja zimathamangira ku mabuleki, ndipo kulemera kumakankhikira kutsogolo. Pa njinga yanu kutsogolo ndiko kotambalala, choncho mabuleki amakuthandizani. Pa miyeso yathu ija, kugwira mabuleki mwapakatikati kumawonjezera pafupifupi 0.09, kuchoka pa 0.40 kufika 0.49. Pa ya tayala limodzi kutsogolo, monga matukutuku a Bajaj, kulemerako kumakankhikira kopanikizika ndipo 0.09 yomweyo imachotsedwa, ndiye chimene dalaivala wachita pofuna kudzipulumutsa ndicho chimamugwetsa. Reliant Robin, galimoto ya ku England ya tayala limodzi kutsogolo imene inayamba kupangidwa mu 1973, inatchuka ndi mbiri yotereyi. Ku America njinga zam'tchire za matayala atatu, limodzi kutsogolo, zinavulaza anthu ambiri mpaka mu 1988 makampani anagwirizana ndi boma kuti aleke kugulitsa zatsopano. Choncho phindu lilipo, koma ndi la 0.09, pamene kusanja katundu molakwika kumakulandani kanayi kuposa pamenepo. Mbali inayo, mukamathira moto potuluka pakona kulemera kumabwerera kumbuyo kopanikizika. Injini ya 150cc ilibe mphamvu zambiri, ndiye kuchepako ndi kwakung'ono, komabe dikirani chiwongolero chiwongoke musanapotokole.

Musaganize kuti za tayala limodzi kutsogolo ndi zachabe. Hamba, njinga yamagetsi imene a Mobility for Africa anapereka kwa amayi akumudzi ku Wedza, ndi ya tayala limodzi kutsogolo, ndipo katundu wake amakhala kumbuyo pamwamba pa matayala awiri. Mfundo ndi yomweyo, kulemera kukhale kumene kuli matayala awiri. Kwa inuyo ubwino wa awiri kutsogolo ndi wakuti tcheni, mabuleki akumbuyo ndi magiya zitsala mmene zilili, simufunika difu, magiya ogawa mphamvu ku matayala awiri akumbuyo. Ntchito yonse yasamukira ku chiwongolero, ndipo kumeneko ndi kumene amisiri ambiri amalakwitsa.

Njira yosavuta, imene mwina mukuiganizira, ndi ya njinga za ogulitsa ayisikilimu: bokosi lonse pamodzi ndi ekiselo ndi matayala ake zimazungulira pa chitsulo chimodzi chapakati. Pa liwiro la munthu wopalasa zimatheka. Ndi injini, chonde musayese. Ekiselo yonse ikatembenuka, tayala lakunja limapita kutsogolo n'kulowa mkati, lamkati limabwerera kumbuyo, ndipo makona atatu aja amapanikizika panthawi yomwe mukuwafuna otambalala. Komanso tayala limodzi likagwa m'dzenje, limakoka bokosi lonse ndi mkono wa masentimita 60, zogwirira n'kukusomphokani m'manja. Ekiselo ikhale yosasuntha, tayala lililonse lizitembenuka palokha pa kingpin yake, chitsulo choimirira chimene limatembenukirapo, ngati mmene zilili pa galimoto.

Pokhota, tayala lamkati limayenda mozungulira pafupi kuposa lakunja, choncho liyenera kutembenuka kwambiri kuposa linzake. Njira yochitira zimenezi inapezedwa ndi Georg Lankensperger, mmisiri wa ngolo za akavalo ku Munich, koma imadziwika ndi dzina la Rudolph Ackermann amene anailembetsa ku London mu 1818. Kwa wowotcherera ndi nkhani ya chingwe chabe. Matayala ataloza kutsogolo, kokani chingwe kuchokera pa kingpin kudutsa pa bowo limene tie rod, chitsulo chokoka tayala kuti litembenuke, imamangidwa, ndipo chingwecho chikafike pakati pa ekiselo ya tayala lakumbuyo. Chitani chimodzimodzi mbali inayo. Zikapanda kutero, matayala amalimbana pakona, limodzi limakwekwereza, ndipo mphira umatha msanga.

Kingpin ipendame mbali ziwiri. Mukaiyang'ana cham'mbali, mutu wake utsamire kumbuyo madigiri 5 mpaka 8. Kupendama kumeneku ndi caster, ndipo ndiko kumabwezera chiwongolero pakati mukamaliza kukhota. Ikachepa njinga imayendayenda pamsewu, ikachuluka chiwongolero chimalemera mukasenza katundu. Mukaiyang'ana chakutsogolo, mzere wake ukafike pansi pafupi ndi pakati pa pamene tayala lagunda. Ukagwera kutali mkati, dzenje lililonse ndi buleki iliyonse yogwira mbali imodzi zizikokera chiwongolero kumbali. Matayala aloze mkati pang'ono zedi, mamilimita awiri kapena atatu, muyeze inu mutakhalapo ndi katundu ali momwemo. Pomaliza, dinikizani kutsogolo kuti masipuling'i atsike, muone ngati matayala akutembenuka okha. Akatero ndiye kuti tie rod sikuyenda limodzi ndi mikono yogwira tayala, ndipo pa bampu iliyonse njinga izidzikhotera yokha. Konzani zimenezo musanapake penti.

Pali chinanso chimene anthu a matayala anayi sachiganizira. Tayala limodzi lakumbuyo silingaletse njinga kupendama, limangotsatira. Ntchito yonse yoletsa kupendama ili pa matayala awiri akutsogolo, ndipo pakona lakunja limasenza pafupifupi zonse. Zotsatira zake ndi ziwiri. Choyamba, njinga zotere zimakonda kukana kukhota, mphuno imafuna kupitirira kunja kwa kona. Khalidwe limeneli ndi labwinoko, chifukwa mukachepetsa moto imabwerera mumzere. Chachiwiri, masipuling'i akutsogolo akafewa, thupi lonse limatsamira kunja, phata limasunthira kufupi ndi mzere wogwera, nambala ija n'kutsika. Ikani masipuling'i olimba, mashoko amoyo, ndipo ngati mungapeze anti-roll bar, chitsulo choletsa thupi kutsamira pakona, ya galimoto yaing'ono kwa ophwasula magalimoto ku Gazaland kapena ku Magaba, iikenipo. Polumikizira felemu yatsopano ndi yakale pakhale polimba kuti pasapotoke. Musadalire khosi lokha limene munali foloko. Gwirani pamwamba ndi pansi, mpaka pafupi ndi pomangira injini, ndi mapaipi opingasa.

Za matayala, ndikudziwa kuti chapafupi n'kugula awiri a njinga yamoto. Vuto lake ndi lakuti njinga yamoto imapendama pakona, choncho tayala lake limangolandira mphamvu yochokera pamwamba, silikankhidwa cham'mbali. Pa yanuyi lizikankhidwa cham'mbali pakona iliyonse. Masipoko amamasuka ndi kuduka, ndipo ekiselo yopyapyala imene inapangidwa kuti igwiridwe mbali zonse ziwiri ndi foloko imapindika mukaigwira mbali imodzi. Mahabu ndi matayala a mainchesi 12 kapena 13 a galimoto yaing'ono kapena a ngolo yokokedwa ndi galimoto ndiwo oyenera. Ndi olemera, inde, koma kulemera kwake kuli pansi, kutsogolo ndi m'mbali, komwe mukukufuna. Tayala lakumbuyo nalo lizivutika chimodzimodzi. Ngati ndi la masipoko, muziwagogoda sabata iliyonse, ndipo muzigwedeza swing arm, mkono wogwira tayala lakumbuyo, kuti muone ngati mabushi adyeka. Mphira wake uzitha pakati pokha popeza sulinso kupendama.

Tayala lakumbuyolo likataya kugwira, palibe linzake lothandiza. Oyendetsa njinga yamoto ambiri kuno anazolowera kuponda buleki yakumbuyo kwambiri. Pa yanuyi, mukaponda mpaka tayala kuuma muli pakona, kumbuyo kumathawira kunja, ndipo likagwiranso mwadzidzidzi njinga imakuponyerani mbali inayo. Ntchito yaikulu ya mabuleki ikhale kutsogolo, ndipo onse awiri azigwira mofanana kuchokera pa chogwirira chimodzi. A mafuta ochokera pa master cylinder imodzi, kapampu kamene kamakankha mafutawo, amagawana mphamvu okha mofanana. A waya amatalika mosiyana, ndipo tsiku lina mudzagwira mwamphamvu njinga n'kukhotera kumene kukubwera magalimoto.

Musapitirirenso muyezo pokankhira zonse kutsogolo. Katundu akalendewera kutsogolo kwa ekiselo, kumbuyo kumapepuka. Pamatope a mwezi wa Januwale tayala limangozungulira pamodzimodzi, ndipo pogwira mabuleki mwamphamvu kumbuyo kumanyamuka. Tiyerekeze kuti gawo lakutsogolo lafika 0.8 ndipo phata lili pa masentimita 70. Phatalo latsala masentimita 40 okha kumbuyo kwa ekiselo, 40 kugawa ndi 70 ndi 0.57, ndipo mabuleki abwino pa tala wouma amaposa pamenepo. Muyezo umene amisiri ambiri amatsata ndi wakuti tayala lililonse lisenze pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pakati pa bokosi pakhale pamwamba pa ekiselo kapena kumbuyo kwake pang'ono.

Ndiye mungatani kuti nambala ya bokosi lopanda kanthu ikwere? Chachikulu ndi inuyo, chifukwa pa makilogalamu 250 aja thupi lanu ndilo chinthu cholemera chimene chili pamwamba kwambiri. Tsitsani chishalo ndipo muchisunthire kutsogolo mmene mungathere. Thanki ichoke pamwamba ipite pansi chakutsogolo, batire, jeke, bokosi la masipanala ndi tayala lapadera zikhale pansi pa bokosi pafupi ndi ekiselo. Pansi pa bokosi patsike mpaka pamunsi pa ekiselo ngati mabampu a kwanuko akulola. Kutalikitsa swing arm kumabweza tayala lakumbuyo ndipo gawo lakutsogolo limakwera, ngakhale kuti pokhota muzifuna malo aakulu. Kutambalitsa matayala kuchoka pa 120 kufika 140 kumakweza 0.40 kufika 0.47, koma kayezeni kaye geti lanu ndipo muganizire za kupanikizana kwa ngolo zokankha ndi makombi pa Mbare. Ndipo musachite manyazi kunyamula zigubu ziwiri zodzaza madzi, zomangirira pansi m'bokosi, popita kumsika. Makilogalamu 40 amenewo amakweza nambala kufika pafupifupi 0.5.

Onani mmene anachitira amene akhala akupanga zoterezi kwa nthawi yaitali. Kampani ya Morgan ya ku Malvern, imene inayamba kugulitsa magalimoto a matayala atatu cha mu 1910, inatchuka ndi injini yokhala kutsogolo kwenikweni pakati pa matayala awiri, dalaivala atakhala pansi pafupi ndi msewu. Can-Am Spyder, imene inatuluka mu 2007, woyendetsa amakhala pamwamba ngati pa njinga yamoto, ndipo ngakhale ndi yotambalala, anaiikira kompyuta imene imachepetsa mphamvu ya injini ndi kugwira mabuleki yokha ikaona kuti tayala likufuna kunyamuka. Yanu izikhala ndi kakhalidwe ka Spyder popanda kompyutayo. Mwina mwaonanso pa intaneti Piaggio MP3 ya mu 2006 kapena Yamaha Niken ya mu 2018, zimene matayala ake awiri akutsogolo amapendama pamodzi ndi njinga. Zimenezo zimakhota ngati njinga yamoto wamba ndipo masamu athuwa sazikhudza, koma si zoti n'kunyamulira makireti a tomato, ndipo sindingakulangizeni kuyamba nazo.

Mukamaliza kumanga, musadalire masamu anga, yezani yanuyo. Bwerekani sikelo, muike tayala limodzi pasikelo enawo pa matabwa okwera mofanana, inu mutakhalapo, mulembe kulemera kwa tayala lililonse. Akutsogolo awiri asasiyane kwambiri. Kenako tsekani petulo, mangirirani thumba la mchenga lolemera ngati inu pa kireti pamwamba pa chishalo, kuti pakati pake pafanane ndi pamene pamakhala mchombo wanu. Tsekerani tayala limodzi lakutsogolo ndi lakumbuyo ndi njerwa, anzanu awiri anyamule tayala linalo pang'onopang'ono, wina atagwira chingwe kuti isapitirire. Pamene yaima payokha, osafuna kubwerera kapena kupitirira, yezani kupendamako ndi foni. Madigiri 22 ndi pafupifupi 0.40, madigiri 30 ndi 0.58, madigiri 35 ndi 0.70. Si zachilendo zimenezi. Ku Britain mabasi osanjikiza amayesedwa powapendamitsa chomwechi, ndipo ayenera kufika madigiri 28 osagwa kumwamba kutadzaza. Yezani mbali zonse ziwiri, bokosi lopanda kanthu komanso lodzaza.

Misewu yathu imawonjezera zake. Timayenda kumanzere, ndipo msewu umakhala wokwera pakati, wotsetsereka kumka m'mbali masentimita awiri kapena atatu pa mita iliyonse kuti madzi azichoka. Pokhotera kumanja, kutsetsereka kumeneko kumakukankhirani kunja ndipo kumadya 0.02 kapena 0.03 pa nambala yanu. Pa raundabauti timazungulira chakumanja, ndiye tayala lakumanja ndilo linganyamuke, inu n'kugwera kumanzere. Kumene m'mphepete mwa tala munadyeka, tayala lakumanzere likatsikira m'dothi kupendamako kumakula kangapo nthawi imodzi. Kukhotera kumanzere pamphambano nako kuli ndi msampha wake, chifukwa kona yake imakhala yothina. Pa mamita 7, njinga ya 0.40 imanyamuka pa makilomita 19 pa ola. Maenje nawo azikuvutani kuposa kale. Njinga yamoto imaponda mzere umodzi, galimoto iwiri, yanu itatu, choncho dzenje limene mwalilowetsa pakati pa matayala akutsogolo likukadikira lakumbuyo. Kuzemba mwadzidzidzi, kumanja kenako kumanzere, monga pothawa kombi kapena mushikashika, kagalimoto konyamula anthu popanda chilolezo, yotulukira osayang'ana, ndiko kumagwetsa njinga zotere ngakhale pamsewu wowongoka, chifukwa masipuling'i amene anapanikizika mbali imodzi amakuponyerani mbali inayo. Nthawi zambiri ndi bwino kugwira mabuleki molunjika kusiyana ndi kuzemba. Katundu asakwere mpaka kukubisirani msewu wapafupi.

Madzi muziwanyamula m'zigubu za malita 20 zodzaza mpaka pakamwa, zondanda pansi mzere umodzi, zomangidwa kuti zisasunthe. Zisanu ndi ziwiri zakwana kale makilogalamu 140. Dramu ya malita 200 yodzaza theka ndi yoipa kuposa yodzaza yonse, chifukwa pakona madzi amathamangira kunja, ndipo pozemba amabwerera mochedwa n'kukumenyani pamene mukuwongola.

Manja anu anazolowera njinga yamoto, ndipo pamenepa pali ngozi ina. Pa njinga yamoto ikamathamanga, pofuna kupita kumanja mumakankha chogwirira chakumanja pang'ono kuti ipendame, ambiri amachita osadziwa n'komwe. Pa yosapendamayi kukankha komweko kukupititsani kumanzere. Imakhota ngati galimoto, ndipo imafuna mphamvu m'manja. Pakona sunthirani thupi mkati ndi kutsogolo, musatsitse phazi pansi. Tayala lamkati likanyamuka, wongolani chiwongolero pang'ono, bwezani moto mofatsa, gwirani buleki yakutsogolo mopepuka. Kuwongolako kumafuna malo, ndiye polowa pakona muzisiya mpata kunja kwake. Kaphunzireni pabwalo lopanda anthu mutavala chipewa cholimba. Khomani chikhomo, jambulani bwalo ndi chingwe cha mamita 10, muzungulire mukuwonjezera liwiro pang'onopang'ono mnzanu akuyang'ana tayala lamkati. Ya 0.40 iyamba kupepuka musanafike makilomita 23 pa ola, ndipo ndi bwino thupi lanu lidziwe kamvekedwe kake muli pabwalo.

Musanadule chitsulo chilichonse, pitani ku VID, ofesi ya boma yoyendera magalimoto, ku Eastlea ndi buku la njingayo komanso chojambula cha zimene mukufuna kupanga, mukafunse zimene adzafune kuti aiyendere ndi kuilola pamsewu. Buku la ku CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, likunena za njinga ya matayala awiri, ndipo inshuwalansi yanu nayonso ndi ya chimenecho. Nambala ya felemu imakhala pakhosi pomwe mukufuna kudulapo, ndiye muisunge yosakhudzidwa. Chishalo chakumbuyo chichotseni ndi zopondera zake zomwe, kuti pasapezeke wokupemphani kuti mumubereke.